Kodi Mwalawo Ndi Waukulu Bwanji? Funso Limene Linasautsa Maiko mu 2025

Pa 27 December, 2024, makina oonera nyenyezi otchedwa ATLAS, amene ali ku Río Hurtado m'dziko la Chile, anaona kadontho kowala kalikuyenda pakati pa nyenyezi. Kadonthoko kanali mwala wa kuthambo, umodzi mwa miyala yozungulira dzuwa imene pa Chingerezi amaitcha asteroid, ndipo unapatsidwa dzina lakuti 2024 YR4. Patapita mwezi umodzi, pa 29 January, 2025, bungwe lochenjeza maiko za miyala yotere, la International Asteroid Warning Network, linadziwitsa United Nations kuti mwalawo ungathe kugunda dziko lapansi pa 22 December, 2032. Pofika pa 18 February a NASA ku America anali kunena kuti mpata wa kugundako wafika pa 3 mwa 100. Malo amene ukanatha kugwera anali mzere wautali woyambira ku nyanja ya Pacific, wodutsa kumpoto kwa South America, nyanja ya Atlantic ndi pakati pa Africa, ndi kukathera cha ku India.

Awerengi adzakumbukira kuti mantha aja sanakhalitse. Mwezi wa February usanathe njira ya mwalawo inadziwika bwino, ndipo kunaoneka kuti udzalambalala dziko lathu. Nkhaniyo inachoka m'manyuzipepala ndipo ambiri anaiiwala. Koma m'masabata amene aja munali funso limodzi limene akatswiri sanathe kuliyankha pa nthawi imene maboma anafuna yankho, ndilo funso la ukulu wa mwalawo. Iwo anangoti m'mimba mwache uli pakati pa mamita 40 ndi 90. Tifuna kulongosola pano chifukwa chache anthu okhoza kutchula tsiku limene mwala udzafika zaka zisanu ndi zitatu zirinkudza analephera kutchula ukulu wache, ndiponso chimene kulepherako kutanthauza kwa maiko.

Pakati pa 40 ndi 90

Munthu angayese kuti kusiyana kumeneku ndi kochepa, popeza 90 angoposa pang'ono 40 wowirikiza kawiri. Koma aphunzitsi a masamu adziwa kuti chinthu chobulungira chikakula kawiri m'mimba mwache, kulemera kwache kumakula kasanu ndi katatu. Motero mwala wa mamita 90 ulemera ngati miyala 11 ya mamita 40, ndipo mphamvu ya kuononga imatsata kulemera pamodzi ndi liwiro.

Zochitika ziwiri za ku Russia zitithandiza kuona bwino. Pa 15 February, 2013, mwala wa mamita pafupifupi 20 unaphulika pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk. Mphamvu yache inali ngati ya mabomba pafupifupi 30 a mtundu umene unaponyedwa pa Hiroshima, koma popeza unaphulikira kutali m'mwamba palibe amene anafa. Anthu pafupifupi 1,500 anabvulala, ambiri mwa iwo ndi magalasi a mazenera amene anasweka iwo atathamangira kukasuzumira kuwalako. Pa 30 June, 1908, mwala umene akatswiri ambiri amauyesa wa mamita 50 kapena 60 unaphulika pamwamba pa nkhalango ya Tunguska ku Siberia, nugwetsa mitengo pa malo oposa masikweya kilomita 2,000. Woyambawo unaswa mazenera. Wachiwiriwo ukanaphulikira pa mzinda ukanaufafaniza.

Tsono pali bungwe lachiwiri, la Space Mission Planning Advisory Group, m'mene muli nthumwi za maiko amene ali ndi zombo za kuthambo. Lamulo lache ndi lakuti limayamba kulingalira za kutumiza chombo ngati mwala uposa mamita 50 ndipo mpata wakuti ugunde m'kati mwa zaka 50 uposa 1 mwa 100. Mwala ukachepera pamenepo, maganizo ndi akuti nkwapafupi kuchenjeza anthu ndi kuwasamutsa pa malo amene udzagwera. Muyeso wa 40 kufikira 90 unagwa uku ndi uku kwa malire amenewa, ndipo bungwelo litakumana kumayambiriro a February, 2025, linagwirizana kuti liyambe ladikira. Apa tiona kuti kupima mwala si nkhani ya ophunzira okha ai. Pa muyeso umenewu ndi pamene pamatsamira chosankha cha maboma, kaya kuononga ndalama zambiri pa chombo, kaya kukonza za kusamutsa anthu.

Kuwala kumanyenga

Gwero la bvutoli ndi lakuti miyala imeneyi iri kutali ndipo ndi yaing'ono, kotero kuti ngakhale m'makina aakulu imangooneka ngati kadontho kopanda m'mbali. Iribe kuwala kwache kwache. Imangobweza kuwala kwa dzuwa monga uchitira mwezi. Katswiri akatsata kadonthoko kwa masiku ambiri amadziwa njira yache, ndipo podziwa njira amadziwanso mtunda umene kali. Akatero amapima kuwalako. Chimene sadziwa ndi khungu la mwalawo, ngati liri loyera kapena lakuda.

Ali yense amene anaimapo pa phiri masana ndi kuyang'ana midzi ya kutali adziwa kuti kanyumba ka malata atsopano kamang'anima koposa nyumba yaikulu ya udzu. Ndi momwemonso kuthambo. Miyala ina ndi yakuda ngati makala, ndipo pa magawo 100 a kuwala kumene imalandira imabweza 5 kapena kucheperapo; ina ndi yotuwa, ndipo imabweza 20 kapena 25. Kadontho kamodzi komweko kangathe kukhala mwala wakuda wa mamita pafupifupi 240, kapena mwala wotuwa wa mamita pafupifupi 110. Ndicho chifukwa chache ziwerengero zoyamba zimene timamva pa wailesi zimadza ziwiri-ziwiri. Sikuti akatswiri alikubisa kanthu. Alikungonena malire a chimene kuwala kungawauze. Ndipo miyala yochuluka mwa imene yapezeka kufikira lero, ukulu wache umadziwika mwa njira yokhayi.

Kupima ndi kutentha

Njira yoposa imeneyi ndiyo kupima kutentha. Mwala umene wakhala pa dzuwa tsiku lonse umatulutsa kutentha, monga adziwa amene anakhalapo pa thanthwe madzulo. Kutenthako kumatuluka ngati kuwala kosaoneka ndi maso, kumene amakutcha infrared. Kuwala kumene mwala sunabweze ndiko kumene wameza ndi kusandutsa kutentha. Pa kubweza, mwala wakuda ndi wotuwa amasiyana kasanu; koma pa kumeza amasiyana pang'ono chabe, pakuti yonse iwiri imameza gawo lalikulu la chimene yalandira. Motero kutentha kumene kumafika kwa ife kumatsata makamaka ukulu wa mwala. Ndipo katswiri akadziwa ukulu amabwerera ku kuwala kuja, nadziwanso mtundu wa khungu.

Chobvuta ndi chakuti mpweya wozinga dziko lathu umatsekereza kwambiri kuwala kotere, motero makina abwino ayenera kukhala kunja kwa mpweyawo. Chombo cha WISE, chimene America inatumiza mu December, 2009, ndipo pambuyo pache chinatchedwa NEOWISE, chinapima miyala yambiri mwa njira imeneyi. Koma nchito yache inatha mu July, 2024, miyezi isanu 2024 YR4 usanapezeke. Kunatsala kupempha nthawi pa makina a James Webb, amene ali pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno, ndipo akatswiri a maiko onse amawalimbirana. Mu March, 2025, makinawo anapima mwalawo napeza kuti uli pakati pa mamita 53 ndi 67.

Yankho limeneli liyenera kulingaliridwa bwino. Mwalawo unalidi pamwamba pa malire a mamita 50, ndipo unali wa msinkhu wa uja wa ku Tunguska. Koma yankholo linadza patapita miyezi itatu chipezekere mwalawo, ngozi itapita kale. Ngozi ikanapitirira, maiko akanataya miyezi imeneyo podikira, pamene mwalawo unali kuzimirira ndipo sukanaonekanso bwino ndi makina a pansi pano kufikira 2028, kutangotsala zaka zinai kuti tsiku lija lifike.

Dzanja lalifupi la radar

Njira yachitatu ndiyo radar. Munthu akapfuula moyang'ana phiri mau ache amabwerera, ndipo akawerenga nthawi imene atenga kupita ndi kubwera angadziwe mtunda wa pakati pa iye ndi phirilo. Radar imatumiza mafunde a wailesi kwa mwala ndi kumvetsera kubwerera kwao. Mbali ya mwala yoyandikira imabweza msanga kuposa ya kumbuyo, ndipo mbali imene irikutembenukira kwa ife imasintha mafundewo mosiyana ndi imene irikutithawa. Pophatikiza zimenezi akatswiri amapeza ukulu, maonekedwe, kazunguliridwe ndi njira ya mwala molondola koposa. Mwala woyamba kupimidwa motere unali Icarus, mu June, 1968. Ndipo mu March, 2021, radar ya ku Goldstone ku California ndiyo inatsimikiza kuti mwala wa Apophis, umene unaopsa anthu chipezekere mu 2004, sudzagunda dziko kwa zaka 100.

Komatu radar siifika patali. Mtunda ukawirikiza kawiri, mafunde obwerera amafooka ka 16. Mwala wa 2024 YR4 unapezeka masiku awiri utadutsa kale pafupi ndi dziko, ndipo pamene kuopsa kwache kunadziwika unali utapitirira pamene radar ingafike. Kuonjezera apo, radar imene inali yamphamvu koposa zonse, ya ku Arecibo ku Puerto Rico, ya mbale ya mamita 305, inagwa pa 1 December, 2020, zingwe zache zitaduka, ndipo mu 2022 America inalengeza kuti siidzaimanganso.

Thanthwe kapena mulu wa miyala?

Ukulu wokha sukwanira. Ku Arizona kuli dzenje la mamita pafupifupi 1,200 m'mimba mwache, limene linakumbika zaka pafupifupi 50,000 zapitazo ndi mwala wa mamita pafupifupi 50. Wa ku Tunguska unali wa msinkhu wofanana, koma sunasiye dzenje lotere. Wa ku Arizona unali wachitsulo, ndipo unaboola mpweya nufika pansi. Winawo unasweka ukali m'mwamba. Chotero wofuna kudziwa chimene mwala udzachita ayenera kudziwanso chimene unapangidwa nacho.

Ali pansi pano, akatswiri amafufuza zimenezi mwa njira ziwiri. Amagawa kuwala kwa mwala m'mitundu yache monga ya utawaleza, ndipo mitundu imene yafooka imaulula zimene ziri pa khungu lache. Amaonanso m'mene kuwalako kumakwerera ndi kutsika, pakuti mwala wooneka ngati mbatata ukamazungulira umaonetsa mbali yaitali, kenaka yaifupi. Mwa ichi anadziwa kuti 2024 YR4 umazungulira kamodzi pa maminiti 19 ndi theka. Koma atapima miyala yambiri anapeza chodabwitsa: pafupifupi yonse yoposa mamita 200 siizungulira msanga kuposa kamodzi pa maora awiri ndi pang'ono. Mai akazunguza lichero mwaliwiro chimanga chimamwazika. Chomwecho anazindikira kuti yambiri mwa miyala yaikulupo si matanthwe ai, koma milu ya miyala ndi mchenga yogwirana mofooka, imene ikanamwazika ikanati izungulire msanga.

Zombo zimene zinapita kukaona zinatsimikiza zimenezi. Chombo cha Japan chotchedwa Hayabusa chinafika pa mwala wa Itokawa mu 2005, nichipeza kuti magawo pafupifupi 40 mwa 100 a m'kati mwache ndi mipata chabe. Hayabusa2 pa Ryugu ndi OSIRIS-REx cha America pa Bennu zinapeza kuti miyala iwiriyi ingoposa pang'ono kulemera kwa madzi a muyeso womwewo, pamene mwala wamba wa pansi pano umalemera kawiri ndi theka kapena kuposerapo. Mu October, 2020, pamene OSIRIS-REx chinakhudza Bennu kuti chitape dothi, dzanja lache linamira pafupifupi theka la mita, monga dzanja lopisa m'thumba la mapira. Dothilo, lolemera magalamu 121.6, linafika pansi pano mu September, 2023.

Africa nayo yathandiza pa nchito imeneyi. Pa 7 October, 2008, mwala wa mamita pafupifupi 4 unagwa m'chipululu cha kumpoto kwa Sudan, utaoneka kale ndi makina maora pafupifupi 20 usanafike. Unali woyamba kuoneka usanagwe, ndipo ophunzira a University of Khartoum anayenda m'chipululumo natola zidutswa zache mazana. Pa 2 June, 2018, wina unaonekanso usanagwe ku Botswana, ndipo zidutswa zache zinapezeka ku Central Kalahari. Phindu la zidutswa zotere ndi lakuti katswiri angathe kulinganiza chimene anaona m'makina ndi chimene wagwira m'manja, ndi kuona ngati muyeso wache unali woona.

Palinso chinthu china chimene chimamangiriza ukulu ndi njira pamodzi. Kutentha kumene mwala umatulutsa pozungulira kumaukankha pang'ono-pang'ono, ndipo mwala wopepuka umakankhika koposa wolemera. Njira ya Bennu, umene uli wa mamita pafupifupi 490, imasuntha mamita pafupifupi 280 chaka chiri chonse pa chifukwa chimenechi. Kusunthaku ndi kochepa, koma pa zaka zana ndi theka kumachuluka. Ndipo popanda kukudziwa akatswiri sakanatha kunena, monga ananenera mu 2021, kuti mpata wakuti Bennu ugunde dziko pa 24 September, 2182, uli 1 mwa 2,700.

Phunziro la DART

Pa 26 September, 2022, chombo cha DART chinagunda dala Dimorphos, mwala wa mamita pafupifupi 150 umene umazungulira mnzache wamkulu, Didymos. Miyala iwiriyi siinali kuopsa dziko. Kunali kuyesa chabe. Ulendo umodzi wa kuzungulirako unali kutenga maora 11 ndi maminiti 55, ndipo a NASA anali atanena kuti akakhutira ukangochepa ndi masekondi 73. Unachepa ndi maminiti pafupifupi 33. Chifukwa chache ndi chakuti miyala ndi pfumbi zimene zinalumpha pa malo ogundidwawo zinakankha Dimorphos koposa chombo chenichenicho.

Imeneyi ndi nkhani yokondweretsa, pakuti kwa nthawi yoyamba munthu anasintha njira ya chinthu cha kuthambo. Koma isonyezanso kuti zotsatira za kugunda zimadalira khungu ndi m'kati mwa mwala. Thanthwe lolimba silikanalabadira chimodzimodzi, ndipo mulu wofooka ukagundidwa mopitirira ungagawike m'zidutswa zimene zina zingapitirirebe ulendo wao wa kuno. DART sichinathe kupima kulemera kwa Dimorphos, ndipo ndicho chifukwa chache maiko a ku Europe anatumiza chombo cha Hera mu October, 2024, kuti chikapime mwalawo ndi kuona chimene chinachitika pa malo ogundidwa.

Chimene tiyenera kutengapo

Miyala yodziwika imene njira zao zimayandikira njira ya dziko lathu inapitirira 30,000 mu 2022, ndipo inafika 40,000 cha kumapeto a 2025. Mwa ikulu-ikulu yoposa kilomita imodzi, yoposa 90 mwa 100 inapezeka kale, ndipo palibe umene uopsa dziko m'zaka 100 zirinkudza. Pamene patsalira ndi pa miyala ya pakati. Mu 2005 nyumba ya malamulo ya America inalamula NASA kuti pofika 2020 ikhale itapeza 90 mwa 100 ya miyala yoposa mamita 140, imene akatswiri amaiyesa kuti iripo pafupifupi 25,000. Koma 2020 inafika ndi theka lomwe lisanakwane.

Ife tiona kuti nchito ya kupeza yathamanga koposa nchito ya kupima, ndipo nkhani ya 2024 YR4 yaonetsa mpata umenewu poyera. Chombo cha NEO Surveyor, chimene NASA inakonza kuti chinyamuke mu 2027 kapena pambuyo pache, chinalinganizidwa kuti chizifufuza ndi infrared, kotero kuti chizipeza mwala ndi kuupima nthawi imodzi, ndi kuonanso kufupi ndi mbali ya dzuwa, kumene uja wa ku Chelyabinsk unachokera wosaoneka ndi munthu. Makina a ATLAS amene anaikidwa ku Sutherland ku South Africa mu 2022, pamodzi ndi a ku Chile, atsegula thambo la kumwera limene kale silinali kulondedwa bwino. Zonsezi zifuna ndalama za chaka ndi chaka, ndipo chiyeso cha maboma ndicho kuziperekabe pa zaka zimene kulibe mwala woopsa m'manyuzipepala.

Pa 13 April, 2029, Apophis, wa mamita pafupifupi 340, udzadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32,000 kuchokera pa nthaka, kufupi kuposa zombo zimene zimatumiza zithunzi za wailesi ya kanema. Anthu a ku Africa ndi ku Europe adzauona ndi maso ngati nyenyezi yoyenda, kukapanda mitambo, ndipo United Nations inapatula chaka cha 2029 kuti chikhale cha kuphunzitsa anthu za miyala imeneyi. Sudzagunda; zimenezi zinapimidwa kale. Koma mphekesera zidzakhalapo ndithu, ndipo amene adzafunsidwa ndi aphunzitsi ndi anchito a Boma.

Kwa iwo tinena kuti nkhani ya mwala watsopano ikamveka, ayambe afunsa ngati ukulu wachewo wapimidwa ndi kuwala kokha, kapena ndi kutentha kapena radar. Akamva kuti chiwerengero cha ngozi chirikukwera, asadabwe. Malo amene mwala ungadutse ali ngati mpanda waukulu umene dziko liri m'kati mwache. Miyeso ikachuluka mpandawo umachepa, ndipo dziko likali m'katimo gawo lache limakula, kufikira tsiku limene mpanda uchepa nulisiya kunja, chiwerengero nichigwa msanga. Ndi mmene zinakhalira ndi Apophis mu 2004 ndi 2024 YR4 mu 2025. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mwana wa sukulu amene wamva zimenezi kwa mphunzitsi wache adzadikira muyeso wachiwiri asanakhulupirire mphekesera.